Chilengezo: Maphunziro a Masewero a Ndakatulo

Mamembala nonse a gulu lathu la zisudzo kuno ku Kasungu, tikumane Loweruka lino 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse paboma. Tiyamba kuphunzira kalankhulidwe ka masewero a Shakespeare, mlembi wa zisudzo wa ku England.

Mizere yake yambiri imakhala ndi maphatikizo 10, ndipo liwu limagunda kasanu: phatikizo lofewa, kenako lamphamvu. Ambirife timalakatula ngati ana pa asembule, kuima pamathero a mzere uliwonse ganizo lisanathe. Zimenezo zithe. Tidzaphunzira kupuma pomwe ganizo lathera, komanso kufikitsa mawu kumbuyo kwa holo popanda kukuwa.

Aliyense abwere ataloweza mizere yomwe tinagawana ija; wodalira pepala adzangoonerera anzake. Valani zomasuka chifukwa tiyamba ndi majowajowa. Musaiwale madzi akumwa.

Mlembi