Werenganso pepala lija, mwana wanga

Mufakose, Harare

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni umandidula. Umati, "Amayi, ndili m'kombi, ndiimba madzulo," madzulowo osafika. Kuno tadzuka. Bondo lija likundivutabe kukazizira, ndipo madzi sanatuluke pampopi sabata yonse, koma mwana wa oyandikana nawo akunditungira kumjigo.

Lachinayi titaweruka ku Mvano, mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati n'zoona kuti nyumba ino tikuiika pa chikole. Miyendo inandizizira pomwepo. Akuti anakuona uli ndi mnzako uja kwa munthu wa katapila, awa amene kuno amati a chimbadzo, mukufunsa ngati mapepala a nyumba angakutulutsireni madola 5,000 a ku America. Sindinagone. Pakati pa usiku ndinadzuka, ndinatenga pepala la mgwirizano ndi anthu okulonjeza ntchito ku Britain, limene unaiwala pakabati Lamulungu lija, ndinavala magalasi, ndinaliwerenga katatu.

Iwe unaliwerenga pepalali? Ndikufunsa zenizeni. Kapena unangoona chidindo ndi dzina la England pamwamba, mtima n'kuyamba kuthamanga?

Ndagwira choko zaka 31, ndipo iwe wemwe unadutsa m'manja mwanga mu giredi 6. Ukukumbukira tsiku lija unakweza dzanja n'kunena kuti "Can I go out?" Ine ndinakuyankha kuti miyendo uli nayo, kutuluka ungathe, koma sindinakulole. Unayima pamenepo mpaka unati "May I go out, madam?" Anzako anaseka, iwe madzulo unakana nsima, bambo ako anachita kukunyengerera ndi chipwete cha m'dimba. Masiku ano ngakhale Azungu eniake amapempha ndi "can", ndipo palibe amene amawadzudzula. Koma chimene ndinkafuna chilowe m'mutu mwako tsiku limenelo chikadalipo: timawu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timanyamula katundu yense wa chiganizo. M'chinenero chathu "ungathe" mmodzi amakwanira mphamvu ndi chilolezo chomwe. Chingerezi cha m'mapepala chimagawa, ndipo wolemba pepala amadziwa chifukwa chake wasankha aka osati ako.

Tsono tamvera zimene zili m'pepala lako. Ine ndawerenga kale. Mawu akuti "must" alimo kanayi, ndipo kanayi konseko akuloza iwe. "The client must pay the full amount." Iwe uyenera kulipira, zonse, zisanayambe zilizonse. Pali "shall" mmodzi kumunsi, pamene akuti ndalama "shall not be refunded". M'mapepala a mgwirizano "shall" ndi mkulu wake wa "must", sapempha, amalamula. Ndalama ikalowa siibwerera.

Ndiye uyang'ane mbali ya iwowo. "The agent may assist the client to obtain a Certificate of Sponsorship." May! Munthu akulandira madola 5,000 a nyumba ya bambo ako, ndipo chimene walonjeza n'choti mwina adzakuthandiza kupeza chikalata cha bwana wokuitanira ntchito ku Britain. "May" ali ndi nkhope ziwiri: ina ndi ya chilolezo, ina ndi ya mwina. Nkhope zonse ziwirizo sizimanga munthu. Wololedwa kuchita chinthu akhoza osachichita, ndipo palibe bwalo la milandu limene lingamugwire chifukwa cha mwina. Ndafufuza mzere uliwonse kuti ndipeze pamene iwo akuti "we will" kapena "the agent must". Palibe, mwana wanga. Ngakhale pamodzi.

Koma pakamwa pa mnzakoyo "will" sasowa. Ndinamumva ndekha tsiku munabwera naye, atakhala pampando wa bambo ako osadikira kupatsidwa: "You will fly before Christmas, mdhara, you can't lose." Pakamwa "will", papepala "may". Amene ali ndi chitsimikizo amalemba chimene akunena. Ine mnyamata ameneyu sindinamukonde kuyambira kale, ukudziwa, kuyambira nthawi ya njinga ija imene anabwereka n'kubweza yopanda tcheni. Unamuikira kumbuyo nthawi imeneyo, ukumuikiranso kumbuyo lero. Nsapato zake zowala zija, galimoto yobwereka ija, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinafune kukuweruza ndi nzeru zanga zokha, choncho Lachisanu ndinaimbira msuweni wako ku Luton, ku England, pa WhatsApp. Iye anapita mu 2022, chaka chimene dziko la Britain linatsegula khomo kwa osamalira okalamba ochokera kunja, ndipo theka la achinyamata a kutchalitchi kwathu linkathamangira mayeso a Chingerezi a IELTS ndi kukayezetsa TB. Nthawi imeneyo zinali zotheka. Koma kuyambira March 2024 ogwira ntchito imeneyi analetsedwa kutenga akazi ndi ana awo, ndipo mu July 2025 khomo lenilenilo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Mnzakoyo anakuuza zimenezi? Akukugulitsa kiyi wa chitseko chimene eniake anakhomerera misomali. Apa mawu oyenera si "may" kapena "might", ndi "cannot". Sizingatheke.

Msuweni wako anandiuzanso kuti malamulo a kumeneko salola bwana kulipiritsa wantchito mtengo wa chikalata cha sponsorship. Pamenepa ndipamene ndinakwiya nawe kwambiri, chifukwa Lamulungu unandiuza kuti "they don't have to charge, koma awa akulipiritsa chifukwa akufulumizitsa." Iwe amene unakhoza Chingerezi pa O Level! "Don't have to" ndi kunena kuti sakakamizidwa, akafuna achita, akafuna asiya. "Must not" ndi kuletsa. Ana a giredi 7 ndinkawabwereza zimenezi mpaka mawu kundithera. Chimene anthu awa akuchita n'choletsedwa, ndipo wina wakusinthira mawu kuti choletsedwa chimveke ngati chifundo.

Ndikulemba izi ndikuona nkhope ya agogo ako aamuna. Anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, m'ma 1950, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, n'kudzakhala khukhi m'nyumba ya Mzungu ku Avondale. Sukulu analekera sitandade 2. Chingerezi chawo chonse anachiphunzira kukhitchini, ndipo ankati mawu oyamba amene anawadziwa anali "must". You must carry chitupa. You must come by the back door. Ankati m'zaka zonsezo anthu ankawauza "must", iwo ankangoyankha ndi "may I". Atakalamba ankandiuza kuti, "Mwana wanga, Mzungu akayankhula, uzimvetsera kuti must wagwera ndani." Munthu wosadziwa kulemba dzina lake bwinobwino ankadziwa chimene iwe ukuchinyalanyaza.

Ndipo nyumba ino si njerwa chabe kwa anthu ngati ife. Unali wamng'ono pamene lamulo la unzika linasintha mu 2001, ife obadwira konkuno tinauzidwa kuti tiyenera kukana unzika wa dziko la makolo athu, ziphaso zathu zili ndi chizindikiro cha mlendo, anthu akutitchula mabwidi. Bambo ako anayima pamzere masiku atatu. Zinadzakonzeka ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, koma iwo anali atatopa kale. Mu 2008 penshoni yawo ya zaka zonse za kufakitale inasungunuka ngati mchere m'madzi, tinali ndi ndalama za mapepala zodzaza thumba zosagula ngakhale buledi. Chimene chinatsala ndi zipinda zinayi izi ndi mtengo wa mapeyala umene anabzala chaka chimene unabadwa. Kumudzi ku Dedza tilibe munda, amalume ako anagawana kalekale. Nyumba ino ikapita, ine ndipita kuti? Achemwali ako akabwera ndi ana pa Khirisimasi adzafikira kuti?

Usaganize kuti sindikuona kutopa kwako. Ndimakuona. Kudzuka 4 koloko kupita kumsika wa Mupedzanhamo, kutsegula belo la kaunjika osadziwa ngati m'katimo muli zovala kapena sanza, lendi ikudikira, fizi ya ana awiri ikudikira. Uli ndi manja abwino ndiponso mtima woleza. Mmene unasamalira bambo ako miyezi yomaliza ija, kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku, palibe namwino akanakuposa. Ntchito yosamalira okalamba ungaithe, pamenepo "can" ndi wako ndithu, palibe angakulande. Koma kutha ntchito ndi kwina, kuloledwa kulowa m'dziko la eni ndi kwina. N'chimodzimodzi ndi tsiku lija la mu giredi 6.

Za kupita kunja sindikukuletsa, ndiwe bambo wa ana, uli ndi mutu wako. Pamenepo ndingonena "should", uphungu wa mayi umene ungautenge kapena kuusiya: uyenera kufunsa msuweni wako usanapereke ngakhale dola imodzi, uyenera kuyang'ana wekha pa intaneti, pa tsamba la boma la Britain, pamene pali mndandanda wa mabwana ololedwa kuitana antchito, uyenera kumuuza mkazi wako zonse, chifukwa ndaona m'maso mwake kuti sakudziwa za katapila. Koma za nyumba si "should". Ndi "must not", ndipo ndikunena ine mwini nyumba. Mapepala ndawachotsa m'sutikesi ija, usavutike kufunafuna.

Pali "must" winanso amene sindinakukumbutse, uja wosalamula koma wotsimikiza, monga pamene uona utsi n'kunena kuti "there must be fire." Munthu amene akufuna ndalama zonse patsogolo, wopanda ofesi yoti ungamupezemo mawa, wokulonjeza ntchito imene khomo lake linatsekedwa, wolemba "may" pamene pakamwa akuti "will", ameneyo "must be" chiyani? Umalize wekha chiganizocho, ndinakuphunzitsa.

Ngati wamupatsa kale zina, usachite manyazi, undiuze kuti ndi zingati. Sindidzakukalipira pamaso pa ana. Tidzapita limodzi kwa abusa ndi amalume ako aang'ono a ku Highfield, tikaone chimene chingapulumuke. Ndalama yapita ndi yapita, koma usaonjezere ina poithamangira.

Ubwere Loweruka masana ndi mayi a ana, ndidzaphika nkhwani wotendera ndi nkhuku ija yasiya kuikira. Mnzakoyo usabwere naye. Pepala lako lili m'Baibulo langa, ndalemba mizere yofiira pansi pa timawu tonse, tidzawerenga limodzi patebulo. Uwapatse moni adzukulu anga, ndipo wamkuluyo abwere ndi buku lake la Chingerezi ndidzaone.

Ndine mayi ako.