Kalata ya ku Manchester: za ulendo wa ku Chongoni, Mua ndi Cape Maclear

Achimwene,

Ndikhulupirira inu, alamu ndi ana nonse muli bwino kumeneko. Kuno tikudzuka ndithu. Uthenga wanu wandipeza, woti gulu lanu la Amalawi a ku Manchester likukonza zobwera ndi ana obadwira kumeneko kuti adzaone malo a mbiri yathu. Mwafunsa nthawi yabwino yobwera, malo oyenera kufikako, komanso ngati boma lili ndi dongosolo loti n'kulidalira. Ndiyambira pa za boma, chifukwa mukamvetsa izi zinazo muzikonza mosavuta.

Malamulo alipo, ndipo si ofooka ayi. Lalikulu ndi Monuments and Relics Act la 1990, lomwe limaletsa kuwononga malo otetezedwa, kukumba pamalo a mbiri, ndi kutulutsa m'dziko chinthu chamakedzana popanda chilolezo. Limanenanso kuti ntchito yaikulu ngati ya msewu kapena damu isanayambe, akatswiri ayambe afufuza ngati pamalopo palibe zakale zoti zingawonongeke. Oyang'anira zonsezi ndi a nthambi ya Museums and Monuments, amene ambiri amawatchulabe dzina lakale loti a Antiquities. Mu 2015 boma linavomereza ndondomeko ya chikhalidwe, masomphenya a Malawi 2063 amaika zokopa alendo m'gulu la ntchito zotukula chuma, ndipo mukagona pa hotela kapena loji yolembetsedwa, pa bilu yanu pamakhala msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo. Pa mndandanda wa UNESCO tili ndi malo atatu: paki ya Lake Malawi kuyambira 1984, zojambula za pamiyala ku Chongoni kuyambira 2006, ndi phiri la Mulanje lomwe linalowa mu 2025.

Vuto lagona pakuti malo amodzi amakhala ndi eni angapo. Ku Chongoni zojambulazo n'za a Museums and Monuments, nkhalango yozizungulira ili m'manja mwa a Forestry potsatira lamulo la nkhalango la 1997, pamene minda ndi tinjira tolowera kumapiriko n'za mafumu ndi anthu awo. Ku Cape Maclear manda a amishoni ali m'dera la a National Parks and Wildlife. Otsatsa malo onsewa kwa alendo ndi enanso, a Tourism. Ndiye munthu akadula mtengo wotchinga phanga, mlanduwo ndi wa nkhalango, chonsecho chowonongeka ndi chojambula, ndipo msewu ukakokoloka palibe mmodzi mwa iwo amene ali ndi ndalama zoukonzera. Musaganizenso kuti dzina la UNESCO limabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Dzinalo limangopatsa dziko udindo wosamalira malowo ndi kupereka malipoti. Choncho pa ulendo wanu, chimene chidzateteze malowa ndi khalidwe la gulu lanu ndi kumene ndalama zanu zidzatsikire. Pamenepa ndi pomwe ndikufuna muikepo mtima.

Za Disembala ndikukuletsani, ngakhale ndikudziwa kuti Khirisimasi imakoka. Misewu yopita ku Mphunzi ndi ku Namzeze ndi yadothi, mvula ikagwa imaterera, ndipo miyala yokwera kumapanga imachita ndere. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Tchuthi cha ana anu cha kumapeto kwa Julayi ndi Ogasiti chikugwera pabwino: anthu amakhala atakolola, gule amatuluka kawirikawiri, ndipo Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a m'maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mukafuna kukafikako, njira ndi ya ku Mchinji, ndipo aliyense akhale ndi pasipoti m'manja. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, moti mu Julayi m'mawa kumazizira zenizeni. Ana atenge majuzi, asanamizidwe ndi dzina loti Africa.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Dera la Chongoni ndi lalikulu masikweya kilomita 126, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula, koma alendo amaonetsedwa atatu: Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Ngati m'gulu muli agogo ndi ana aang'ono, yambani ndi Mphunzi, chifukwa zambiri zili m'munsi mwa phiri. Namzeze amafuna miyendo yolimba ndi nsapato zogwira, koma ndi kumene kuli zojambula zoyera za zilombo za Nyau zooneka bwino. Chentcherere ndi wosavuta kufikako, n'chifukwa chakenso ndi amene anazunzika kwambiri ndi anthu olemba maina awo pamwala. Aonetseni ana zimenezo, aone okha kusiyana kwake ndi malo osamalika.

Zojambulazo ndi za mitundu iwiri, ndipo ana akadziwa izi asanafike adzasangalala kuzisiyanitsa okha. Zofiira ndizo zakale kwambiri, za Akafula, alenje aja makolo athu ankawatchanso Abathwa kapena Amwandionerapati. Zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndipo utoto wake ndi wa dothi lofiira lokhala ndi chitsulo, umene unalowerera mumwala. Zoyera n'za Achewa olima, zopaka ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina ndi zinyama zotambasula miyendo ngati chikopa choyanika, zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana pa chinamwali. Zina ndi zilombo za Nyau, ndipo zinajambulidwabe mpaka m'zaka za m'ma 1900. Pena mudzapeza choyera chili pamwamba pa chofiira, umboni woti phanga limodzi linatumikira anthu a mibadwo yosiyana. Utoto woyerawu sulowerera, umangokhala pamwamba pa mwala, ndiye suchedwa kusuluka.

Tsono nazi zimene zimawononga, ndipo muwauze onse musanatsike m'galimoto. Choyamba ndi kuwaza madzi pachojambula kuti chiwale pa chithunzi. Chimawaladi kwa mphindi zochepa, koma madziwo amasungunula mchere wa mumwala, ndipo akauma mcherewo umatuluka pamwamba n'kukanganula utoto. Kukhudza ndi dzanja kumasiya mafuta ndi thukuta, fumbi n'kumamatirapo mpaka chojambula kuda. Gulu lalikulu likathithikana m'phanga limautsa fumbi, komanso zikwama zakumsana zimakhula khoma munthu akamatembenuka. Muzilowa anthu asanu ndi atatu kapena khumi pa nthawi imodzi, zikwama zitsale panja, ndipo aliyense aime potalikirako mita imodzi. Moto m'phanga ndiye woopsa kuposa zonse, chifukwa mwaye umaphimba utoto ndipo kutentha kumasetula khungu la mwala. Mukapeza dzina lolembedwa ndi makala kapena choko, musalifute ndi nsanza poganiza kuti mukuthandiza, popeza mudzachotsera kumodzi ndi utoto wakale. Jambulani chithunzi, muuze wokutsogolerani, akanene ku ofesi. Pansi pa mapangawa pamapezeka mapale ndi timiyala tosema. Mwana asatole n'kuika m'thumba. Ndi mlandu, komanso phale likachoka pamalo pake, wofufuza sangadziwenso kuti linali la nthawi iti.

Kakonzedwe kake n'kotere. Lemberani a Museums and Monuments ku Lilongwe kutatsala masabata angapo, mutchule tsiku, chiwerengero cha anthu ndi malo amene mukufuna, ndipo mupemphe wokutsogolerani wodziwika ndi ofesi. Mukafika m'mudzi, kaonekereni kwa amfumu musanakwere phiri. Mtengo wa wokutsogolerani mugwirizane musananyamuke ndipo mumupatse m'manja mwake. Paliponse pamene mwalipira ndalama ya boma, itanitsani lisiti, chifukwa ndalama yopanda lisiti sioneka m'mabuku, ndipo malo osaoneka m'mabuku ndi amene amaiwalika pogawa bajeti. Chakudya chamasana musanyamule chonse kutauni. Tumizani uthenga amayi a m'mudzimo akuphikireni nsima ndi nkhuku yachikuda pamtengo wogwirizana. Wootcha makala sasiya chifukwa cha chikwangwani, koma mudzi umene ukuona phindu la alendo umamuletsa wokha. Ana a m'mudzi musamawaponyere maswiti kapena ndalama. Ngati muli ndi mphatso, ipite kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu yapafupi.

Pali chinanso chofunika kuwakonzekeretsa ana anu, amene anazolowera kuti funso lililonse limayankhidwa. Matanthauzo ena a zojambula zoyera ndi a kumwambo, ndipo wokutsogolerani akati izi sizinenedwa pano, sikuti sakudziwa. Musamuumirize, ndipo musamunyengerere ndi ndalama. Zomwezi ndi gule. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma akadali mwambo wamoyo wa pamaliro, pa mpalo, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Kudambwe sikufika wosameta. Sitifunsa kuti m'chilombomo muli yani. Kujambula kumayamba mwapempha kwa amfumu ndi atsabwalo, ndipo mukakumana ndi gule panjira mumapatuka. Sungani ndalama zing'onozing'ono zosupira pabwalo. Wina akakuuzani kuti akugulitsani chigoba chakale chovinidwa kale, kanani. Mwina n'chabodza, mwina n'chakuba, ndipo pabwalo la ndege chingakugwetseni m'mavuto.

Kumene ana angafunse momasuka ndi ku Mua. Kuchoka pa Dedza mumatsata M1 kulowera ku Ntcheu, n'kukhota pa Masasa kutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kenako n'kulowera ku Mua. Msewuwu ndi wa tala koma ndi wotsetsereka ndi wokhotakhota kwambiri. Dalaivala atsike ndi giya yaing'ono, chifukwa akadalira mabuleki okha ndi minibasi yodzaza amatentha n'kusiya kugwira, ndipo mutsike kukuwala. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo malo a KuNgoni anawayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yawo yoonetsera zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mafotokozedwe a miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Perekani theka la tsiku lathunthu, ndipo funsani musanatulutse kamera. Zosema zogula kuti mupite nazo mugule pomwepo, zatsopano, kwa amisiri ake.

Kuchoka pa Golomoti msewu umapita ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Ana adzathamangira madzi ndi nsomba za mbuna, n'zoyenera, koma ola limodzi lipite ku manda a Livingstonia yoyamba. Amishoni a ku Scotland anafika pamenepo mu 1875 ndi sitima ya Ilala, malungo anawatha mphamvu, nasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Pofotokoza mbiriyi ambiri amathera pa dzina la Robert Laws. Inu mufunsenso za alaliki akuda ochokera ku Lovedale, ku South Africa, monga William Koyi, ndi za Albert Namalambe amene anali woyamba kubatizidwa, kuti ana amve kuti nkhaniyi ili ndi anthu athu mkati. Mtengo wolowera m'paki umasiyana pakati pa nzika ndi alendo, choncho amene ali ndi chiphaso cha unzika anyamule. Malungo aja akadalipo, ndiye mankhwala oteteza muyambe musananyamuke ndipo mugone m'masikito. M'madzi a m'mbali mwa mudzi muli likodzo. Amene asambe akayezetse patapita miyezi iwiri kapena itatu, n'kumuuza dokotala wa kumeneko kuti anasamba m'nyanja ya Malawi.

Masiku akatsala, kummwera kuli Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, zonse mu Blantyre, zoti n'kuziona m'mawa umodzi. Koma ine ndingasankhe kuti mukafike ku Mbombwe, ku Chiradzulu, pa mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) imene John Chilembwe anayambitsa mu 1900, ana akaone pamene panali tchalitchi chimene atsamunda anachiphwasula itatha nkhondo ya mu Januwale 1915. Ku Khulubvi, kwa Mbona ku Nsanje, musakuike pa pulogalamu. Ndi kachisi wogwira ntchito, wokhala ndi malamulo ake a kavalidwe ndi kalowedwe, ndipo sikoti n'kungofikako ndi basi yodzaza.

Ziwiri zomaliza. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, koma malamulo a viza amasinthasintha, choncho amene ali ndi mapasipoti a Britain aone zimene a Immigration akunena pa intaneti musanagule matikiti. Mafuta a galimoto nawo amasowa nthawi zina, ndiye thanki idzaze paliponse pamene mwawapeza, ndipo munyamule makwacha okwanira chifukwa kumidziko makadi a banki sagwira ntchito.

Nditumizireni chiwerengero cha anthu, zaka za ana ndi za achikulire, ndi masiku amene mwagwirizana, kuti tilembe kalata ya ku ofesi ija nthawi ikadalipo ndi kuona ngati minibasi imodzi ikwane. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.