Nambala za pa mathalauzi zikutinamiza ife amene tikuchepetsa thupi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko mu nyuzipepala yathuyi. Ndikudziwa ena aseka kuti bambo wamkulu ndi ndevu zake mpaka kulemba kalata nkhani yake thalauzi, koma amene anayesapo kuchepetsa thupi andimvetsa bwinobwino, chifukwa aliyense amakuuza za kuyenda wapansi, za kuchepetsa mbale, za kumwa madzi ambiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene amakuchenjeza kuti miyezi ingapo ikubwerayo udzakhala munthu wopanda chovala chokukwana mmunsimu.

Ine zinayamba miyezi 7 yapitayo. Adokotala atandiyeza BP anatulutsa tepi nkundizunguliza pamimba, inawerenga 106 cm, sikelo nayo inati 104 kg. Anandiuza mosapita mmbali kuti malinga ndi bungwe la WHO mwamuna akadutsa 94 cm ayambe kusamala, akadutsa 102 cm nde kuti shuga ndi matenda a mtima zayandikira pakhomo, kwa amayi malire ake ndi 80 ndi 88. Ndinachita mantha ndithu ndipo ndinamvera. Lero ndili pa 91 kg, mimba ili pa 95 cm, ndakhala ndikutsika pafupifupi hafu kilo pa sabata, zomwe adokotalawo akuti ndi mmene zimafunikira, osati zothamanga. Kumeneko ndilibe dandaulo, mawondo anasiya kulira pa masitepe. Dandaulo langa lili mchiunomu.

Woyamba kuvutika anali lamba. Lamba amabwera ndi mabowo 5 otalikirana inchi imodzi imodzi, ndinayenda nawo onse mpaka lomaliza, kenako ndinatenga msomali nkuuwotcha pamoto nkuboola lachisanu ndi chimodzi, patapita masabata angapo lina, pano alipo 8 ndipo atatu anga aja ndi okhota poti si ntchito yanga. Mchira wa lamba ukuzungulira mpaka kumbuyo. Nde thalauzi ya saizi 40 ukaimanga chonchi pa chiuno chomwe chaphwa, nsalu yotsalayo imakwinyika kutsogoloku ngati thumba lomangidwa pakamwa, zipi kupindika, matumba kuyasamula, kumbuyoku kuli lende ngati wabwereka ya amalume ako. Tsiku lina ku ntchito ndinanyamula katoni ya mapepala ndi manja onse awiri kukwera nayo masitepe, foni mthumba lina makiyi mthumba lina, ndinangomva ikutsika pang'onopang'ono, poigwira palibe, ndinamaliza masitepewo nditatangadza miyendo ngati mwana wodzinyowetsa. Mnyamata wina wa mu ofesi anati "bwana mwayamba kukhwefula nanu?" onse kkkkk. Ndinaseka nawo koma mumtima ndinati mawa lomwe ndikagula ina.

Ku sitolo nkumene ndinakaona zoona zake. Ndinaganiza kuti poti ndachoka pa 40 mwina ndili pa 36, ndinatenga mathalauzi atatu a makampani osiyana onse olembedwa W36 nkulowa nawo koyesera. Yoyamba batani silinafike nkomwe, panatsala mpata wa zala ziwiri ngakhale ndinabweza mimba mpaka kuona nyenyezi. Yachiwiri inatseka bwinobwino koma nditangoisiya inatsetsereka yokha, ndimatha kulowetsa chibakera mchiuno. Yachitatu mchiuno inakwana ngati anayezera ine, koma mntchafu inathina moti sindikanatha kugwada kumanga nsapato. Nambala imodzimodzi a Mkonzi, 36, 36, 36. Nditamufunsa mtsikana wogulitsa anangoti "bambo mwina simukudziwa saizi yanu." Sindinamukwiyire, si iye amasoka, koma ndinatuluka chimanjamanja thukuta lili kamukamu.

Nditafika kunyumba ndinabwereka tepi ya mayi akunyumba nkuyala thalauzi yanga yakale pa bedi, kutseka batani, kuyeza mchiuno kuchokera mbali ina kufika ina nkuchulukitsa kawiri. Thalauzi yolembedwa 40 inatuluka mainchesi 42. Zaka zonsezi ndimadzitama kuti ndimavala 40 pamene ndinali nditadutsa kalekale. Ndipo pali chinanso, nambala ya thalauzi si chiuno chomwe amayeza adokotala, iwo amayeza pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la mchiuno, chakumchomboku, pamene ife amimba timavalira thalauzi kunsi kwa mimba, mimba nkumalendewera pamwamba pa lamba osawerengedwa. Nde munthu umangoti ine saizi yanga sinasinthe chikwatirireni, uku mimba ikukula mwakachetechete.

Bodza limeneli ndi ladala. Mu 2010 magazini ya Esquire ya ku America inatenga mathalauzi achimuna a makampani osiyanasiyana onse olembedwa 36 nkuwayeza ndi tepi, ina inapezeka 37, zina 39, ina mpaka 41. Mainchesi 5 athunthu, ndiye kuti kuposa 12 cm poti inchi imodzi ndi 2.54 cm. Chifukwa chake nchosavuta, munthu ukalowa mu thalauzi ya nambala yaing'ono umasangalala nkugula, ukabwerenso kudzagula ya kampani yomweyo poti ndi imene imakuuza zokoma. Akutinyengerera ngati ana. Kwa munthu wongovala mwina zilibe kanthu, koma kwa ife amene tikulimbana ndi thupi nambala imeneyo timaidalira kuti tidziwe ngati tikupita kutsogolo, lero ikuuza kuti wafika 34 ugone mosangalala, mawa kampani ina ikuti ayi uli pa 38 ukhumudwe mpaka kufuna kusiya zonse.

Nditawadandaulira mayi akunyumba anangondiyang'ana nkuti "mwaziona lero eti, ife tinazolowera." Ndipo akunena zoona, kwa amayi nkoipa kuposa, chifukwa ife bola nambala yathu imanamizira kuti ndi mainchesi, yawo 12 kapena 14 siimira chilichonse chomwe ungachiyeze. 12 wa ku UK ndi 8 wa ku America, ukapita ku Europe nambala zake ndi zina za ma 38 ndi 40 uko. Ku America boma linayesapo kukonza zimenezi, cha mma 1939 ndi 1940 anayeza amayi pafupifupi 15,000, mu 1958 nkutulutsa muyezo wa masaizi woti makampani azitsatira, koma makampani sanaulabadire mpaka mu 1983 unangothetsedwa. Kuchokera pamenepo aliyense amalemba nambala yomwe wafuna.

Koma ngakhale nambala zikanakhala zoona vuto lina likanatsalabe, thupi silichepa mofanana paliponse. Fakitale ikamapanga masaizi imayamba ndi patani imodzi nkumaikulitsa kapena kuichepetsa yonse pamodzi, chiuno, matako, ntchafu, zonse kutsika limodzi ngati chithunzi pa foni. Munthu satero. Ine nkhope ndi khosi zinayamba kuphwa, kenako matako anangosowa osatsanzika, mimba ikutsika mwaulesi, pamene ntchafu chifukwa choyenda wapansi tsiku ndi tsiku sizinasunthe kwenikweni. Mnzanga wina amene tinayambira limodzi zake ndi zosemphana, miyendo yatsala ngati timitengo mimba ili pompo. Sungasankhe poti mafuta achokere, ngakhale upange masitapu olimbitsa mimba aja 200 pa tsiku thupi limachotsa komwe lafuna. Nde tonse awiri tikalowa mu sitolo thalauzi yopangidwira thupi lathu kulibe. Kuwonjezera apo makampani ambiri akadutsa 34 amayamba kudumpha, 36, 38, 40, kulibe 35 kapena 37, pakati pa saizi ndi inzake pali 5 cm, ndipo munthu wochepetsa thupi nthawi yambiri amakhala pakati pomwepo, yaikulu ikugwa yaing'ono sikutseka.

Ena anandiuza kuti gula zotamuka zija. Ndinagula jinzi imodzi yokhala ndi ulusi wa spandex, uja anaupeza Joseph Shivers ku kampani ya DuPont mu 1958. Mmawa imagwira bwino ndithu, pofika 3 koloko masana yatamuka mmawondo ndi kumbuyo, ndayambanso kuikoka. Ukaichapa imabwerera, ukaivala imatayanso. Za matiraki suti musanene nkomwe, nzabwino kunyumba koma sindingalowe nazo mu msonkhano.

Amene wandithandiza zenizeni ndi atelala, bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Ulendo woyamba ndinapita ndi mathalauzi anayi, anandiimika, kutsina nsalu kumbuyo, kulemba ndi choko, kubaya mapini, patatha masiku awiri ndinavala ngati zatsopano. Ulendo wachiwiri anagwira atatu okha. Wachitatu anaitembenuza thalauzi yanga yotuwa imene ndimaikonda nkundionetsa kumbuyo, anati "achimwene taonani matumba awa, paja anali otalikirana, ndikadyanso pakatipa akumana akhale thumba limodzi, ndipo misoko ya mmbaliyi ithawira kumbuyo, muziyenda ngati mwapotoka." Anandifotokozera kuti thalauzi yansalu umatha kuibweza mainchesi awiri pa msoko wa kumbuyo osaonekera, ukapitirira pamenepo nde kuiphwasula yonse nkuidulanso, ntchito yofanana ndi kusoka yatsopano. Jinzi anaikana kaye, akuti nsalu yake ndi yolimba, misoko yake ndi yopindira kawiri ndipo lamba lake la mchiuno ulichotse lonse kaye, singano zimathyoka. Chinanso chimene sindinkachidziwa, mimba ndi matako zikaphwa thalauzi imakhala motsika, nde mphechepechemu imalendewera ndipo pansi imayamba kukwekwereza ngakhale msinkhu wako sunasinthe, kupinda miyendo nayonso ndi ntchito ina.

Akundibaya mapini choncho anandifunsa kuti kodi mafuta onsewa apita kuti. Ndinawauza zomwe zinatuluka mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2014, kuti pa 10 kg ya mafuta imene munthu wataya, 8.4 kg imatuluka ndi mpweya popuma, yotsalayo ndi madzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti "nde kuti saizi 40 yonse ija mwaipumira kunja," nkupitiriza ntchito yawo.

Chopweteka china ndi ndalama. Ukagula yokukwana lero pakatha miyezi iwiri yakhwepa, ukati udikire mpaka ufike pomwe ukufuna uvala chani ku ntchito miyezi yonseyi? Ine ulendo ukadalipo, a bungwe la zaumoyo la NICE la ku UK mu 2022 analangiza kuti mimba isapose theka la msinkhu wako, ine ndine 174 cm nde ndikuyenera kufika pansi pa 87, kwatsala 8 cm, masaizi ena awiri amenewo. Ndinayesa nzeru yogula yaing'ono dala kuti izindilimbikitsa, ili pa hang'ala mwezi wachitatu uno ikungondiyang'ana, mchiuno yatsala pang'ono kutseka koma ndaona kale kuti mntchafu sidzalowa. Ndipo zovala zokhwepazi ndi zimene zimapangitsa anthu kukuyang'ana mwachisoni, wina mpaka anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti "muli bwinobwino koma?" Tsiku lomwe ndinavala yobwezedwa ndi atelala munthu yemweyo anati mukuoneka mnyamata, kulemera kwanga kunali komweko.

Pempho langa kwa opanga ndi ogulitsa zovala si lalikulu. Lembani pa kansalu kamkati kaja muyezo weniweni wa thalauziyo mu masentimita, mchiuno, mmatako ndi mntchafu, nambala yanu yonyengerera ija isiyeni pompo ngati mukuikonda koma yoonayo ikhalepo pambali. Mu sitolo muzikhala tepi yoti kasitomala agwiritse ntchito, osati kumutumiza koyesera kasanu ndi kawiri. Ndipo bwezeretsani timalamba ta mmbali tija, mathalauzi akale a masuti amakhala ndi kachitsulo kapena mabatani mbali zonse ziwiri za chiuno, umangokoka pang'ono yakwana, inchi imodzi kapena awiri osafuna lamba kapena telala. Pa zovala za ana mumaika kale lasitiki wa mabatani mkati mwa chiuno poti mukudziwa kuti mwana amasintha thupi, nanga wamkulu ndi mwala?

Kwa anzanga amene muli pa ulendo womwewu, ine pano ndimayenda ndi tepi mthumba. Ndinayeza thalauzi imodzi imene ikundikwana bwino, mchiuno ndi pa ntchafu, manambala ndinasunga mu foni, ndikalowa mu sitolo ndimayala thalauzi pa tebulo nkuyeza ndisanavule nsapato, ogulitsa amandiona ngati wozungulira mutu koma zandichepetsera thukuta. Ndimagula yokwana mntchafu, chiuno atelala abweza, chifukwa kubweza nkotheka koma kuwonjezera nsalu pomwe palibe sizitheka. Ndipo ndikugula ziwiri zokha pa saizi iliyonse, zakuda, kuti anthu asazindikire kuti ndi zomwezomwezo.

Ma 40 aja ndawapinda ali mu sutikesi pamwamba pa wadiropu. Mayi akunyumba akuti tiwapereke kwa ena, kuwasunga nkudziitanira mimba kuti ibwerere, ine ndikuti adikire kaye chaka chithe, nkhaniyi sitinagwirizanebe. Yotuwa ija ndapita nayonso kwa atelala dzulo, avomera monyinyirika kuti ayesa kusuntha matumbawo, koma andiuza kuti ndikabweranso nayo kachisanu aidula ikhale kabudula.

Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Bambo wa lamba wa mabowo 8