Katswiri uja wapeputsa mwambo wa mato oput

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani ya katswiri uja imene munatulutsa sabata yatha, amene akuti anthu akaphana pa nkhondo angomwera limodzi pa mwambo woyanjanitsa wa mato oput ngati Aacholi a ku Uganda, basi mitima yazizira. Kaya zimenezi anazitola pa semina iti!

Chakumwa chowawa cha muzu wa oput chimabwera kumapeto kwenikweni. Wopha munthu amayamba waulula yekha. Akuluakulu amayenda uku ndi uku pakati pa mabanja awiriwo, amene nthawi yonseyo sadyera pamodzi, kenako abale a wophayo n'kusonkha chipepeso. Zimatha ngakhale zaka. Ndipo pamafunika kudziwa kuti wapha ndani, waphedwa ndani. Nanga pa nkhondo ya LRA, gulu la zigawenga la Joseph Kony kumpoto kwa Uganda, pamene ana obedwa ankakakamizidwa kupha anthu osawadziwa ndi dzina lomwe, mwana woteroyo akamwa ndi yani? Inde, pangano la ku Juba la 2007 pakati pa boma la Uganda ndi LRA linautchula mwambowu, koma kutchula papepala sikupereka chipepeso. Katswiri wanuyo anangokonda poti pali kumwa.

Akadatsegulako buku la 1940 la Evans-Pritchard, wofufuza za chikhalidwe cha anthu, lonena za Anuer, mtundu wa anthu a ku South Sudan. Mkhalapakati wovala chikopa cha nyalugwe analibe apolisi, analibe ndende. Ankangonyengerera ofedwa kuti alandire ng'ombe 40 kapena 50, iwo n'kumakana dala poyamba, kuopa kuoneka ngati akugulitsa magazi a m'bale wawo. Kukanako ndi mbali ya mwambo. Akatswiri athuwa akadakhalapo akadalemba lipoti loti zokambirana zalephereka.

Ndi matenda a onse oyendayenda ndi nkhani za mtendere masiku ano. Akatchula gacaca ya ku Rwanda, makhoti a m'midzi oweruza milandu ya kuphana kwa mu 1994, amachita ngati kunali kucheza pa kapinga, chonsecho makhoti aja anawakhazikitsa ndi boma mwa lamulo mu 2001, anaweruza milandu pafupifupi 2 miliyoni asanatsekedwe mu 2012, ndipo anthu ankapita kundende. Milandu ya asilikali a RPF, gulu limene linapambana nkhondo n'kutenga boma, sinaloweko n'komwe. Koma ayi, masiku atatu mu hotela, satifiketi m'manja, munthu wasanduka wogwirizanitsa mitundu.

Muuzeni abwerenso adzakonze zimene analemba, apo ayi tsamba limenelo mupatse wina amene anakhalako pakati pa Aacholi.

Wowerenga wokhumudwa