Kalata kwa makolo potseka teremu, ndi nkhani ya zojambula ija

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Teremu ija yatha, tafika bwino. Malipoti ana abwera nawo m'zikwama, chonde afunseni ndithu paja ena amaiwala dala akaona kuti masamu sanayende.

Koma chomwe ndalembera kwenikweni ndi nkhani yomwe makolo angapo anandipeza nayo ku ofesi. Bambo wina anabwera atakwiya, akuti mwana wawo akumafika kunyumba manja ali bii ndi makala, kope lodzaza zithunzi za minda m'malo mwa notsi, ndiye amafunsa kuti kodi ahedi sukulu ino mwaisandutsa yojambula? Funsolo ndi loona, mundilole ndiyankhe kwa nonse kamodzi.

Makalasi akuluakulu teremu ino amaphunzira za malo omwe anthu akhala akulima mwa njira za makolo awo kwa mibadwo yambiri nthaka osaguga. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linayamba ntchito yozindikira ndi kuteteza malo otere mu 2002. Titayamba kuwerenga ndi aphunzitsi anzanga tinaona kuti m'malo ambiri amenewa muli nyimbo, zosema kapena zojambula zomwe zimayendera limodzi ndi khasu, ndipo chimodzi chikafooka chinzake chimafookanso.

Ku Philippines kuli anthu a Ifugao, amalima mpunga m'mapiri, minda yake yokhala ngati masitepe yokhala ndi makoma a miyala ndi dothi, madzi amachokera m'nkhalango pamwamba nkumatsika munda ndi munda mpaka pansi. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika minda imeneyi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1995, koma pofika 2001 inalowa m'gulu la malo omwe ali pachiopsezo, achinyamata ambiri anali atapita m'matauni ndipo makoma ena amangogumuka popanda wokonza. Anthuwa ali ndi nyimbo zazitali zotchedwa hudhud zomwe amayimba pa ntchito ya mpunga, makamaka pokolola, komanso pamaliro, kawirikawiri amatsogolera ndi mayi wachikulire ena nkumavomera. Ndiye tangoganizani, anthu akasiya kukolola pamodzi ndi manja nyimboyo iyimbidwa kuti? Anayamba kuphunzitsa ana nyimbozo, akuluakulu omwe amazidziwa ndiwo aphunzitsi, makoma nawo anakonzedwa, ndipo mu 2012 mindayo inachotsedwa pa chiopsezo paja.

Ku Japan nkhani yake ndi ina. Dera la Echigo-Tsumari m'chigawo cha Niigata midzi inatsala ndi okalamba ambiri, nyumba zopanda anthu, masukulu ena mpaka kutsekedwa chifukwa chosowa ana (apa ine monga hedi mtima unandiwawa, sindinama). Kuyambira mu 2000 kumachitika chionetsero chachikulu cha zaluso zaka zitatu zilizonse, zinthu amaziika m'minda momwemo, m'nyumba zosiyidwa ndi m'masukulu otsekedwa aja. Pa munda wina akatswiri a zaluso Ilya ndi Emilia Kabakov anaimika zifanizo za alimi zabuluu ndi zachikasu, wina akulima, wina akubzala, wina akukolola. Alendo amabwera ambirimbiri, achinyamata a m'tauni amadzipereka kudzathandiza, agogo omwe amaona ngati dziko linawaiwala amapeza owafotokozera za minda yawo. Koma chomwe ana athu anachikonda kuposa zonse ndi mudzi wa Inakadate, m'dera lina la ku Japan komweko, komwe kuyambira 1993 amabzala mitundu ya mpunga ya masamba osiyana mitundu, ukakula munda wonse umatuluka chithunzi chachikulu, umachiona bwino uli pamwamba. Kalasi yonse inangoti aaa.

Ine sindikunena kuti chithunzi chimamanga khoma kapena kudzaza nkhokwe ayi, ndipo ndinawauza anawo kuti alendo akachuluka pali ngozi yoti mlimi nkusanduka wongoonetsa. Koma ndinaona chinthu m'kalasi chomwe chinandikhutiritsa. Mnyamata wina, wovuta ndithu pa phunziro lililonse, anajambula ngalande madzi akukwera phiri, anzake anamuseka mpaka misozi. Mvula itagwa anakaima pa malo otsetsereka kumayang'ana mmene madzi akuyendera ndi pomwe akukokolola dothi, mawa lake anabwera ndi chithunzi china, mizere yopingasa bwinobwino, nkuyamba kufotokozera anzake omwe amamuseka aja chifukwa chake mizere yotsata kutsetsereka imataya nthaka. Zimenezi tinamulembera pa bolodi kangapo konse koma sizimalowa.

Ndiye pempho langa pa holide ino ndi laling'ono. Mwana apeze wachikulire mmodzi yemwe analimapo, akhale naye pansi, ajambule chida chimodzi chomwe ankagwiritsa ntchito kapena mmene munda wake unkaonekera, ndipo ngati pali nyimbo yomwe ankayimba pogwira ntchito ailembe momwe agogowo akuitchulira, asakonze mawu. Musavutike kugula utoto, pensulo kapena khala zikwana. Inu makolo musamujambulire chonde, dzanja la munthu wamkulu timalidziwa.

Zonsezi tidzazipachika m'makalasi pa msonkhano wathu woyamba wa makolo, bambo aja ndawauza kale kuti adzakhale oyamba kulowa. Tsiku lotsegulira lili pansi pa lipoti, ndipo omwe sanabweze mabuku a sukulu adzabwere nawo tsiku lomwelo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu