Kalata yotseguka kwa Bwana DC: madzi a pamjigo pathu akununkha petulo

Wolemekezeka Bwana DC,

Ndakulemberani pagulu chifukwa makalata amene komiti yathu ya mjigo inatumiza kudzera kwa amfumu sanayankhidwe.

Tsiku lina mudzalawire, mudzaime pamjigo umene uli kuseri kwa malo omwetsera mafuta a galimoto pamsika pathu. Mayi akapopa ndowa n'kuiika pansi, pamwamba pa madzi pamayandama kamafuta konyezimira. Nsima ikununkha petulo, ana akukana phala. Amene ali ndi mphamvu akudzuka mbandakucha kukatunga kutsidya kwa dambo, koma agogo amene miyendo inatha akumwa omwewa, amangoyamba ayengula kamafutako ndi chipande. Alangizi a zaumoyo anatipatsa kulorini, tikuthokoza, koma kulorini amapha tizilombo ta kolera, petulo samukhudza n'komwe.

Eni malo omwetsera mafutawo akuti thanki yawo ya petulo imene inkadontha anaisintha, ndiye nkhani yatha. Sinathe, bwana. Mafuta amene analowa pansi anakanirira m'timipata ta dothi, ena akuyandama pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka, ndipo azisungunukiramo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mu petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ku Ogoni m'dziko la Nigeria, lipoti la mu 2011 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza zitsime za ku Nisisioken Ogale zili ndi benzene wopitirira mlingowu ka 900, ndipo linati kuyeretsa deralo kungatenge zaka mpaka 30. Ife athu ndi ochuluka bwanji? Anthu a ku ofesi anabwera pagalimoto, anatunga madzi m'timabotolo, nalonjeza zotsatira ndi mjigo wina. Dzinja ladutsa, zii. Pamaliro timawaona, amatipatsa moni bwinobwino.

Sikuti njira palibe. Akatswiri amakumba timijigo tingapo, m'tina n'kuthiramo madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa surfactant. Amagwira ntchito ngati sopo pa mbale ya mafuta: mbali ina imagwira mafuta, ina imagwira madzi, motero zokanirira zija zimamasuka n'kupopedwera kunja kudzera pa timijigo tinato, kukayeretsedwa. Kungopopa madzi okha kumatenga zaka zosawerengeka. Komatu si ntchito yopatsa mlamu wa munthu wina. Ukamasula mafutawo osawakoka onse, wawatumiza ku zitsime za anzako kumunsi, ndipo m'dothi lamakande mankhwalawa sayenda bwino ngati mumchenga. Ayambe ayeza dothi.

Ndikudziwa muyankha kuti khonsolo ilibe ndalama. Sitikupempha za khonsolo. Lamulo loona za chilengedwe la mu 2017 limapatsa aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo mfundo yake ndi yakuti woipitsa ndiye alipire. Amene anagulitsa petuloyo alipo, akugulitsabe.

Choncho, bwana, tipatseni zotsatira za timabotolo tija polemba, ziwerengedwe pamsonkhano wa mudzi. Mjigowu utsekedwe, ndipo eni malowo atibweretsere madzi abwino mpaka atakumba wina kumtunda. Muwalamulenso alipire akatswiri oti ayeze nthaka ndi kuiyeretsa. Mutiuze tsiku, mvula isanayambenso kukankhira mafutawa ku zitsime za kudambo kumene amayi akuthawira panopa.

Ine wanu,
Membala wa komiti ya mjigo