Tizitchulanso mayina a oliza zida mu nyimbo za country

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okonda nyimbo zakale za country, makamaka amene amatiikira nyimbozi pa wailesi. Nyimbo ikatha timamva dzina limodzi lokha: Jim Reeves, Don Williams, Johnny Cash, Buck Owens. Komatu chimene chimatigwira mtima nyimbo ikangoyamba, woimba asanatsegule n'komwe pakamwa, ndi manja a anthu ena amene sitiwatchula. Pempho langa n'lakuti tiyambe kuwatchula, ndiponso tidziwe chimene manja awowo ankachita.

Ndiyambe ndi chida chija chimamveka ngati munthu akusisima kuseri kwa woimba. Ambiri amayesa kuti ndi gitala wamba, koma ndi pedal steel guitar, imene imakhala chogona pa miyendo inayi, woliza atakhala pampando. Khosi la chidachi limene amagwiritsa ntchito kwambiri mu country lili ndi nsambo 10 zochunidwa mu kachunidwe kotchedwa E9. Nsambozo sazikanikiza ndi zala. Dzanja lamanzere limayendetsa kachitsulo kosalala pamwamba pa nsambo, lamanja limavala mapiki atatu, pa chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira. Phazi lamanzere limaponda mapedulo, kawirikawiri atatu, lamanja limakweza ndi kutsitsa mawu, mawondo nawo amakankha tizitsulo tolendewera kunsi. Thupi lonse limakhala pa ntchito.

Chinsinsi chili pa mapedulo awiri oyambirira. Lina limakoka nsambo ya 5 ndi ya 10 kuchoka pa B kufika pa C#, linalo limakoka ya 3 ndi ya 6 kuchoka pa G# kufika pa A. Ukawaponda onse pamodzi, chord (manotsi angapo olira pamodzi) ya E imasanduka A kachitsulo kali pamalo pomwepo. Ndiye katswiri amaponda pang'onopang'ono nsambo zikulirabe, khutu n'kumamva mawu akukwera okha. Amene anatsegula anthu m'maso pa zimenezi ndi Bud Isaacs, mu nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, yomwe inatchuka mu 1954. Isaacs anali ndi pedulo limodzi lokoka nsambo ziwiri nthawi imodzi. Akatswiri ena a chidachi, Buddy Emmons ndi Jimmy Day, analigawa pawiri, aliyense mwa njira yake, moti mpaka lero oliza chidachi amafunsana ngati mapedulo awo aikidwa mwa Emmons kapena mwa Day.

Chida chimenechi sichikhululuka. Mizere ili pakhosi pake ndi yongojambula, choncho kachitsulo kakangopitirira pang'ono kapena kupendekeka, mawu apotoka ndipo aliyense amva. Nsambo ya 3 ndi yopyapyala kwambiri, nthawi zambiri ya .011, ndipo poti imakokedwa ndi kubwezedwa usiku wonse, ndi imene imaduka pafupipafupi. Pedulo lililonse lili ndi pochunira pake, kotero kuchuna nsambo zokha sikukwanira. Vuto lalikulu kwa ophunzira ndi kuzimitsa mawu: nsambo imene waliza sisiya yokha, uyenera kuigwira ndi m'mphepete mwa chikhatho usanalize ina, apo ayi zonse zimangosakanikirana. Mukamva Tom Brumley akuliza mu Together Again ya Buck Owens ya 1964, mawu aliwonse akumveka paokha bwinobwino, dziwani kuti pali zaka za thukuta pamenepo. Don Helms wa bandi ya Hank Williams, Drifting Cowboys, ankaliza yopanda mapedulo, ndipo Lloyd Green, amene timamumva mu zimbale zambiri za Don Williams, luso lake linali kudziwa posiyira mpata.

Pali ena amene amapeputsa Luther Perkins, mwini gitala ya mu nyimbo zoyambirira za Johnny Cash ku Sun Records mu mzinda wa Memphis, ati ankaliza zosavuta. Sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Perkins ankasinthanitsa nsambo zikuluzikulu, mwachitsanzo E kenako B, chikhatho chitatsamira pa nsambozo pafupi ndi pamene zamangidwira. Chikhatho chikapita kutsogolo kwambiri mawu amafa, chikabwerera m'mbuyo amalira mopitirira, ndipo liwiro liyenera kukhala limodzimodzi mpaka nyimbo ithe. Ambiri oyesa kumutsanzira amathamanga akafika pakati. Bandiyo inalibe woimba ng'oma mpaka mu 1960 pamene W.S. Holland analowa, n'chifukwa chake Cash ankalowetsa kapepala pakati pa nsambo za gitala yake kuti izimveka ngati ng'oma yaing'ono. Marshall Grant pa besi ndiye ankamanga zonsezi pamodzi.

Besi nayo ili ndi mbiri yake. Mu nyimbo zambiri zakale imalira kawiri pa bar iliyonse (kachigawo ka nyimbo kowerengedwa 1, 2, 3, 4). Ray Price atajambula Crazy Arms mu 1956 anafuna kuti izilira kanayi, ikuyenda, ndipo vayolini ya Tommy Jackson inkalowa pamwamba pake. Kayendedwe kameneko kanatenga dzina la Price mpaka lero. Ku Nashville, mzinda umene uli likulu la nyimbo za country, anapezanso nzeru ina: besi yaikulu ya Bob Moore sinkamveka bwino pa timawailesi tating'ono, ndiye Harold Bradley ankaliza manotsi omwewo ndi piki pa besi ya nsambo 6, kuti pakhale kakhethekhethe kothandiza khutu. Awiriwa akasiyana pang'ono chabe, zimamveka ngati wina walakwitsa.

Jackson, Moore ndi Bradley, pamodzi ndi Buddy Harman pa ng'oma, Grady Martin ndi Ray Edenton pa magitala, Charlie McCoy pa harmonica, Floyd Cramer ndi Hargus "Pig" Robbins pa piyano, ndi ena mwa oliza zida a mu masitudiyo a ku Nashville amene ankatchedwa A-Team. Robbins anali wosaona. Gawo limodzi la ntchito mu situdiyo linkakhala la maola 3, ndipo ankayenera kutulutsamo nyimbo zitatu kapena zinayi zimene anali asanazimvepo. Ankatha bwanji? Ankalemba manambala m'malo mwa mayina a chord, njira imene anaiyambitsa Neal Matthews wa gulu la Jordanaires. Pepala likati 1, 4, 5, mu kiyi ya G ndiye kuti G, C, D, mu kiyi ya D ndiye kuti D, G, A. Woimba akadandaula kuti kiyi yamukwerera, ankangotsitsa, pepala osasintha. Piyano yofewa ija ya mu nyimbo za Jim Reeves nthawi zambiri ndi Cramer, amene ankayamba wagunda notsi yapansi pang'ono n'kutsetserekera msanga pa yoyenera. Ukachedwa kutsetsereka kumeneko zimamveka ngati chala chaphonya.

Ku Bakersfield, m'chigawo cha California, ankachita zosiyana: Buck Owens ankajambula ndi bandi yake yomwe ankayenda nayo, Buckaroos. Don Rich ankaliza Fender Telecaster yakuthwa mawu, ankalizanso vayolini, ndipo ndi iye amene ankapolokozana ndi Owens pamwamba. Rich atamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu 1974, Owens sanabwererenso mwakale. Merle Haggard naye anali ndi Strangers, momwe munali Roy Nichols pa gitala ndi Norm Hamlet pa pedal steel.

N'zoona kuti zikuto za zimbale zambiri zakale sizinkalemba mayina amenewa, ndipo ngakhale kwawoko ulemu unachedwa. Pete Drake, woliza pedal steel woyamba kusankhidwa kulowa mu Country Music Hall of Fame, malo olemekezerako akatswiri a nyimbozi, anamulengeza mu 2021, iye atamwalira kale mu 1988. Koma lero mayinawa akupezeka m'timabuku ta zimbale zotulutsidwanso ndiponso pa intaneti. Owulutsa mawu, musanaike nyimbo fufuzani amene analiza steel, vayolini ndi piyano, mutiuze dzina limodzi kapena awiri, ndipo musamalankhule pamene chida chikuliza chokha pakati pa nyimbo. Pa pulogalamu iliyonse muziikakonso imodzi ya zida zokhazokha, monga Last Date ya Floyd Cramer ya 1960 kapena Buckaroo ya Buck Owens ndi bandi yake ya 1965.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo za country